Kodi Aitanidwe Ndani?

Pali mafunso ena amene aoneka aang'ono pamene afunsidwa, koma munthu akayamba kuwayankha apeza kuti m'kati mwake muli mlandu waukulu. Limodzi la mafunso otere ndi ili: anthu amene anagwira nchito pamodzi kale, akafuna kukomananso pa ukalamba wao kuti adye ndi kukumbutsana zakale, kodi aitane yani ndi kusiya yani? Ambiri adzati nkhani imeneyi njapafupi, ingofuna pepala ndi pensulo. Koma pepalalo likadzala maina lisanduka ciweruzo, pakuti linena poyera amene awerengedwa kuti ndiwo eni malo, ndi amene aiwalika.

Funso limeneli ligwera anthu a nchito zonse, aphunzitsi, a njanji ndi a ku migodi omwe. Koma lioneka bwino koposa pakati pa asirikali opuma, cifukwa usirikali ndiyo nchito imene isiyanitsa anthu ndi maudindo kuposa zina zonse. Mu Limbe ndi m'midzi yozungulira, monga ku Bangwe, ku Chigumula, ku Kanjedza ndi ku Machinjiri, mukhala amuna ena aimvi amene anathera unyamata wao pa misasa ya ndege za asirikali. Sadziwika msanga, pakuti yunifolomu anabvula kale. Wina agulitsa zitsulo pafupi ndi msika, wina aweta nkhuku, wina ndi mkulu wa mpingo. Koma ndege ikamveka kumwamba irikutsikira ku Chileka, iwo aleka ciri conse cimene alikucita natukula maso, ndipo ena a iwo akhoza kuchula mtundu wa ndegeyo asanaione, pongomva kulira kwa injini yake.

Gulu lao siliri lakale ngati la asirikali oyenda pansi. Asirikali a Keyala, ndiwo a King's African Rifles, anali ku Zomba dziko lino likali Nyasaland. Koma nthambi ya ndege ya asirikali a Malawi inayamba m'caka ca 1976, ndi cithandizo ca dziko la West Germany, kumene kunacokera ndege zazing'ono za mtundu wa Dornier. Panabweranso mahelikopita opangidwa ku France, ndipo pambuyo pake ndege zokulirapo zochedwa Dornier 228. Misasa inakhazikitsidwa ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Chileka, ndipo m'caka ca 2019 nthambiyo inapatsidwa dzina la Malawi Air Force. Cotero mnyamata amene analembedwa nchito pa ciyambi ali ndi zaka 20 anakwanitsa zaka 60 m'caka ca 2016, ndipo tsopano ndi nkhalamba ya zidzukulu. Anzake ena anatsogola kale. Otsalawo aona kuti malo amene akomanirana masiku ano ndi awiri okha: pa maliro, ndi pa mzere wa ku banki pakutha pa mwezi.

Zimene akumbutsana

Akakhala pansi awiri kapena atatu pa khonde la sitolo, ciperoni citawabveka majekete, nkhani zao sizikhala za nkhondo ai. Zikhala za tinthu tating'ono. Akumbutsana lipenga la mbandakuca, ndi kuzizira kwa pa perete m'mwezi wa June pamene nkhungu yaphimba phiri la Zomba. Akumbutsana Sajeni waukali amene anali kufuna kudziona nkhope pa nsapato ya munthu ngati pa kalirole. Nyemba za ku khichini zimene zinali kukana kupsa. Mpira wa Loweruka. Ndi ngongole ya ku kantini imene inali kudya theka la malipiro mwini wake asanawagwire m'manja. Aseka mnzao amene anakwera ndege tsiku loyamba natsika miyendo iri njenjenje, nalumbira pali amake kuti sadzakweranso, koma m'mawa mwake anakwera. Nkhani zimenezi anazikamba kambirimbiri, ndipo caka ndi caka zinka zinenepa. Palibe coipa pamenepo. Nkhalamba iloledwa kuthira mcere pang'ono m'nkhani yake, malinga mcerewo usagwere pa cilonda ca munthu wina.

Pa maceza otere mpamene pabadwa ganizo la phwando. Wina ati, "Akuluakulu, kodi tidzingoonana pa manda? Tiyeni ticite tsiku lathu tikali ndi moyo." Onse abvomera ndi cimwemwe. Asankha wapampando, mlembi ndi msungicuma. Apangana kubwereka holo, kugula mbuzi ndi mpunga, ndi kuti munthu ali yense asonkhe ndalama zakutizakuti. Kufikira pamenepa zonse ziyenda bwino. Mkangano uyamba pamene mlembi atsegula kope nafunsa kuti, "Tsono ndilembe yani?"

Amene anali Meja ayankha msanga, nati alembedwe oyendetsa ndege, akuluakulu a pa msasa ndi amisiri aakulu a injini, pakuti amenewa ndiwo adziwana, ndipo ndiwo akhoza kusonkha. Amene anali Kopolo ayamba wakhala cete, cifukwa mau akuti "Inde Bwana" akakhala m'kamwa zaka zambiri sacokamo msanga. Koma potsiriza alimba mtima nati, "Pepani Bwana, ndiri ndi kafunso. Nanga bambo aja anali kuchecha udzu m'mbali mwa bwalo, amene tsopano akhala ku Lunzu? Nanga ophika? Nanga amai a kunyumba kwa anzathu amene anatisiya?" Meja apukusa mutu nati, "Acimwene, tikayamba motero tidzaitana mzinda wonse. Mbuzi ziwiri sizingakwanire Blantyre."

Onse awiri ndi anthu abwino, ndipo ali yense wanena mau oona. Ncifukwa cake nkhaniyi iyenera kuganiziridwa mofatsa.

Ndege siiuluka yokha

Munthu woima pa msika akaona ndege m'mwamba aganiza za munthu mmodzi, woyendetsayo. Amene anakhala pa msasa adziwa kuti siziri tero. Ndege isananyamuke mmisiri aizungulira yonse, nayang'ana mapiko, matayala ndi mabuleki. Atapa mafuta pang'ono pansi pa thanki m'kabotolo koonekera m'kati, kuti aone ngati muli madzi. Pakuti madzi alemera kuposa mafuta nakhala pansi, ndipo ngakhale ocepa akhoza kuzimitsa injini ndege iri m'mitambo. Akatha alemba dzina lake m'buku la ndegeyo, kucitira umboni kuti zonse ziri bwino. Woyendetsa awerenga bukulo nakhulupirira dzinalo, cifukwa iye sangathe kumasula injini yekha m'mawa uli wonse. Moyo wake ndi wa onse amene wanyamula utsamira pa dzina limodzi lolembedwa ndi dzanja lakuda ndi girisi.

Pa misasa ya ndege pali lamulo lakuti zipangizo ziwerengedwe nchito ikatha. Sipanala imodzi ikasowa, ndege siinyamuka kufikira itapezeka, kuopa kuti yatsala m'kati mwa makina. Palinso mwambo wakuti anthu andande pa mzere nayende bwalo lonse maso ali pansi, kutola timiyala, misomali ndi tizitsulo, cifukwa kanthu kang'ono kotere kakhoza kuphulitsa tayala kapena kuononga injini. Wochecha udzu naye ali ndi mbali yake, pakuti thengo la pafupi ndi bwalo libisa nyama ndi mbalame, ndipo mbalame siziri zocepsa: m'mwezi wa January 2009 ndege yaikulu yonyamula anthu 155 inaombana ndi atsekwe ku New York, injini zonse ziwiri zinaleka, ndipo inakatera mu mtsinje wa Hudson, mwamwai wopanda wakufa. Pali wa pa nsanja amene alankhula ndi woyendetsa pa wailesi. Pali woyesa nyengo. Pali ozimitsa moto amene akhala m'galimoto yao dzuwa lonse kudikira tsoka limene apemphera kuti lisadze. Pali mlonda wa usiku, ndi wophika amene adzuka anzake onse akali m'tulo. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Ndege ndi denga lolemera ndithu, ndipo yambiri ya mitu imene ilisenza itsala pansi, kumene anthu sayang'anako.

Ngati ziri tero, msasa sunali wa oyendetsa okha. Woyendetsa amene wafika pa ukalamba ali ndi ziwalo zake zonse wafikapo cifukwa anthu ena, amene mwina maina ao sawadziwa, sanawodzere pa nchito yao. Imeneyi ndi ngongole. Ya ku kantini ija inadulidwa pa malipiro nitha, koma iyi palibe kalaliki amene anaidula.

Oiwalika a kale

Pali cifukwa cina cimene asirikali a dziko lino ayenera kuopera kusiya ang'onoang'ono, ndico cakuti makolo ao anasiyidwa comweco.

Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 dziko la Nyasaland linapereka asirikali pafupifupi 19,000. Linaperekanso amtengatenga pafupifupi 200,000, amene anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pa mitu yao kunka kumpoto ku Karonga ndi kupitirira, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi nthenda. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi Limbe, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times m'mwezi wa November 1914, kudandaula kuti amphawi ndiwo adzafa pa nkhondo ya eni ake, nasiya akazi ndi ana amasiye mu usiwa. Nkhondo itatha, pa manda a Azungu panaikidwa miyala yolembedwa maina, koma anthu akuda oculuka sanalembedwe. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, makamaka a mu Afrika, sanakumbukidwe ndi maina ao, ndipo linapepesa. Kupepesako kunadza patapita zaka zoposa 100, pamene panalibenso mkazi wamasiye woti akumve.

Za ndege nazo ziri ndi mbiri yofanana. Pa nkhondo yaciwiri dziko la Southern Rhodesia, limene tsopano ndi Zimbabwe, linasanduka sukulu yaikulu ya oyendetsa ndege za nkhondo za Britain. Msasa woyamba unatsegulidwa ku Belvedere mu Salisbury m'mwezi wa May 1940, ndipo panatsatira ina, monga Cranborne komweko, Kumalo ndi Heany ku Bulawayo, ndi Thornhill ku Gwelo. Anyamata ocokera ku Britain, Australia, Greece ndi maiko ena anaphunzira kumeneko, ndipo oyendetsa amene anatulukako anaposa 7,000. Anthu akuda sanaloledwe kuyendetsa. Iwo anasalaza mabwalo, ena mokakamizidwa. Anaphika, anacapa, ndipo kuyambira caka ca 1941 analondera misasayo m'gulu lochedwa Rhodesian Air Askari Corps. Pakati pao panali anthu a ku Nyasaland, pakuti masiku amenewo amuna a kuno anali kupita ku Harare mwaunyinji kukafuna nchito, ena osabwerera, nasanduka machona. M'zithunzi zambiri za nthawiyo muoneka oyendetsa ataima monyadira patsogolo pa ndege zao za Tiger Moth ndi Harvard. Amene anaima pa cipata usiku wonse kuti ndegezo zipezeke m'mawa, akaonekamo aoneka kumphepete.

Anthu a mu Limbe anayamba kudziwa ndege za asirikali ziri za eni ake. M'caka ca 1959 ndege za Royal Rhodesian Air Force zinatutira asirikali ku Chileka ndi kumwaza mapepala a macenjezo pa midzi. Pa 3 March caka comweco Dr. Hastings Kamuzu Banda anagwidwa pa nyumba yake mu Limbe, natengedwa pa ndege kunka ku Southern Rhodesia, kumene anasungidwa m'ndende ya ku Gwelo, ndipo anthu ena ambiri anatsekeredwa ku Kanjedza. Panapita zaka 17 kuti dziko lino likhale ndi ndege za asirikali zakezake, ndi kuti ana a m'midzi yake akhale pa mpando wa woyendetsa. Tsono cingakhale cinthu camanyazi kuti mdzukulu wa mtengatenga, atakwera kufika pa Meja, atenge pensulo nacitire wochecha udzu comwe ena anacitira agogo ake. Kuiwala kotere anthu amati kunali kwa khungu loyera, koma kuoneka kuti kumatsata mpando. Ali yense wokhalapo kumgwira, akapanda kucenjera.

Mau a Meja

Komabe sikuyenera kumweruza Meja asanamveke, pakuti zifukwa zake siziri zacabe.

Coyamba ndi ndalama. Penshoni ya msirikali wopuma siikula monga mitengo ya zinthu ikulira. M'mwezi wa November 2023 ndalama ya Kwacha inacepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iri yonse, ndipo amene anamva kuwawa koposa ndi anthu olandira ndalama yosasinthika ngati amenewa. Munthu amene alera zidzukulu zinai sangaimbidwe mlandu akafunsa kuti mbale zidzakhala zingati. Koma bvuto limeneli liri ndi mankhwala amene mudzi uli wonse uwadziwa. Pa maliro palibe munthu abwezedwa pa cipata cifukwa sanabwere ndi ufa. Wokhala ndi thumba apereka thumba, wokhala ndi mbale apereka mbale, wopanda kanthu atema nkhuni. Ngati ndalama zacepa, cimene ciyenera kucepetsedwa ndi ndiwo. Mbuzi zikapanda kukwanira nyemba ziripo, ndipo anthu amene anadya nyemba zosapsa zaka 20 sangazinyoze tsiku limodzi zitapsa bwino.

Caciwiri ncolimba kuposa coyamba. Ubwenzi sukakamizidwa. Pa msasa akuluakulu anali kudyera kwao, Masajeni kwao, asirikali wamba kwao, ndipo gulu liri lonse linali ndi nthabwala zake. Meja aopa kuti akasakaniza onse palibe adzamasuka: akuluakulu adzameza nkhani zao, ndipo wophika adzakhala kunsonga kwa mpando, osadya, nafuna kuimirira kuti atumikire monga kale. Mantha amenewa ngoona, ndipo ali yense amene anakhalapo pa ukwati wa olemera ali wosauka awadziwa.

Pamenepa payenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Ngati abwenzi asanu afuna kukomana kunyumba kwa mmodzi wao ku Mpingwe kuti aoche nyama, palibe angawaletse, ndipo palibe mlandu. Munthu asankha yekha wodya naye. Koma kalata ikalembedwa m'dzina la msasa, nimati ili ndi tsiku la onse amene anagwira nchito pa malo akutiakuti, pamenepo eni kalatayo atenga cinthu cimene siciri cao okha. Dzina la msasa liri ngati citsime ca mudzi: amene anakumba ndi ambiri, ndipo wocinga mpanda kuti amwe yekha ndi anzake walanda. Angathe kucita phwando laling'ono nalicha la abwenzi, kapena lalikulu nalicha la msasa. Cimene sangathe kucita mwacilungamo ndi kutenga dzina lalikulu ndi kulibveka pa gulu laling'ono.

Za kumangika kwa ang'onoang'ono, mankhwala ake ali m'manja mwa akulu. Udindo unatsala pa cipata pamodzi ndi yunifolomu, koma ulemu wa msinkhu sunatsale. Wochecha udzu wa zaka 80 ndi bambo kwa Meja wa zaka 65, ndipo mwambo wa kuno unena momveka amene ayenera kupatsa mnzake mpando. Meja akatenga yekha beseni la madzi osamba m'manja nayamba ndi nkhalamba imeneyo, adzakhala atanena zambiri kuposa zimene angalankhule ataima kutsogolo ndi pepala.

Wocotsedwa nchito

Pali dzina lina limene mlembi afika nalo pensulo nkuima. Ndilo la mnzao amene sanapume mwaulemu, koma anacotsedwa, kaya cifukwa ca mowa, kaya cifukwa cogulitsa mafuta a Boma. Ena ati asabwere, adzadetsa tsikulo. Ena ati cibale ndi pfupa, siciola.

Apa mpobvuta, ndipo wofulumira kuyankha ndiye sanaganize. Munthu amene anaba mafuta analakwa, koma analangidwa: anataya nchito, mwina ndi penshoni yomwe, ndipo wasenza manyazi zaka zambiri. Phwando si bwalo la milandu kuti limlange kaciwiri. Zaka zimene anagwira bwino nchito asanagwe sizinafafanizike. Usiku umene analondera, analonderadi. Kumsiya kunja ndiko kunena kuti munthu ayesedwa ndi tsiku lake loipitsitsa lokha, ndipo pa muyeso umenewo ndi ocepa amene angatsale m'holo.

Koma pali kulakwa kwa mtundu wina. Mmisiri amene analemba dzina lake m'buku la ndege asanaiyang'ane sanabere Boma. Anaika pa ngozi moyo wa anzake amene anamkhulupirira. Pa munthu wotere, amene anali kukwera ndegezo ali ndi mau amene ena alibe, ndipo sikuyenera kuwaumiriza kukhululuka pa tsiku loikika ngati msonkho. Afunsidwe. Akalola, abwere. Akakana, wina wa m'komiti apite kwa munthuyo akamuuze pamaso kuti anzake sanakonzeke kudya naye. Mau amenewa ngowawa, koma amcitira ulemu wakuti akali munthu woti nkulankhula naye. Coipa koposa ndi cimene makomiti ambiri acita, kulumpha dzinalo mwakacetecete, ndipo akakomana naye pa msika nkunena kuti, "Pepani acimwene, tinaiwala." Iye adziwa kuti sanaiwale, ndipo iwonso adziwa kuti iye adziwa.

Amai amasiye

Za akazi a anzao amene anamwalira, amuna ena anena motsitsa mau kuti amai akabwera phwando lizizira, ndipo nkhani zina sizikambika. Ncoona kuti nkhani zina sizidzakambika, ndipo mwina zina mwa izo nzoyenera kupuma. Koma amai amenewa sanali alendo pa msasa. Anakhala kumalaini, nalera ana m'tinyumba ta Boma, nachera khutu madzulo kuti amve ngati injini irikubwera. Pamene amuna anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya Nacala, kuyambira caka ca 1987, amene anadikira makalata ndi kubisira ana mantha ao anali iwowa. Theka la mbiri ya msasa liri m'mitima yao. Ndipo mwana amene bambo wake anamwalira iye akali wamng'ono alibe kwina kumene angakamve kuti bamboyo anali kuseka motani, koma kwa nkhalamba zimenezi.

Dziko lonse linaona pa 10 June 2024 kuti nchito ya ndege iri ndi amasiye ake. Tsiku limenelo ndege ya asirikali ya Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kunka ku Mzuzu, nilephera kutera cifukwa ca nyengo yoipa, ndipo inapezeka m'mawa mwake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 amene analimo anafa, pamodzi ndi Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, amene anaikidwa kwao ku Nsipe m'boma la Ntcheu. Atatu mwa akufawo anali asirikali ogwira nchito m'ndegemo, ndipo mmodzi wa iwo anali mkazi woyendetsa ndege. Mtundu unalira onse, koma monga zikhalira nthawi zonse, dzina lalikulu ndilo likhalitsa pakamwa pa anthu. Kwa nkhalamba za mu Limbe atatu aja anali ana a pa msasa, olowa m'malo mwao.

Caka ndi caka, Lamulungu laciwiri la mwezi wa November, akuluakulu a dziko asonkhana pa zipilala za cikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, naika nkhata za maluwa, lipenga nkulira, anthu nkukhala cete mphindi ziwiri. Mwambo umenewu ngwabwino, koma ngwa onse pamodzi. Sungathe kuchula wozimitsa moto amene anafa ndi cifuwa atapuma nchito, kapena wophika amene anaikidwa kumudzi popanda lipenga. Malo okha amene maina otere angamveke ndi pa phwando la anzao. Ndipo mlembi akafuna kuwalemba adzapeza kuti Meja akumbukira ocepa. Amene awadziwa onse, ndi midzi yao, ndi caka cimene anamwalira, ndi Makopolo ndi amai amasiye, pakuti ndiwo anapita ku maliroko.

Kuwapeza

Kubvomereza kuti onse aitanidwe nkwapafupi poyerekeza ndi kuwapeza. Amene anali akuluakulu ali ndi mafoni, ndipo uthenga umodzi uwafikira onse tsiku lomwelo. Ang'onoang'ono ndiwo anamwazika: wina anabwerera kumudzi ku Thyolo, wina ku Mulanje, wina nyumba yake inakokoloka m'mphepete mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023 nasamukira kwa acibale. Komiti imene ingolengeza pa foni, nkumati amene wamva abwere, yasankha kale anthu ake ngakhale inene kuti khomo liri lotsegula.

Tsiku nalo lisankha anthu. Likaikidwa pakati pa mvula, olima sadzasiya minda yao, ndipo miseu ya kumidzi idzakhala matope. Likaikidwa pakati pa mwezi, odikira penshoni adzakhala alibe yokwerera. Nyengo yoyenera ndi ya pambuyo pa kukolola, masiku oyamba a mwezi, ndipo phwando liyambe m'mawa kuti okalamba abwerere kusanade. Ndalama yoyamba kutuluka m'thumba la msungicuma iyenera kukhala ya ulendo wa wonyamula makalata, mbuzi isanagulidwe. Kucokera ku Limbe kufika ku Lunzu munthu akwera minibasi, ndipo akatsika pa msika ayendanso pansi, kuyamba kwa a mfumu, kufunsa khomo ndi khomo za bambo amene kale anali kuchecha udzu ku Chileka.